Funsani Ankolo a Zamafoni: Tabuleti yanga yasiya kulandira update, ndiye kuti yatha ntchito?

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza akuzungulira pa nkhani imodzi, ya ma update. Mwaona anzanu pa Facebook ndi pa TikTok akuonetsa masikirini onyezimira ngati galasi, mawindo angapo pa tabuleti imodzi ngati laputopu, ndiye inu mukalowa ku Settings kwanuko ikukuuzani kuti zonse zili bwino pomwe palibe chasintha. Ndasankhapo makalata angapo, ena ndawadula poti anali ataliatali koma mawu ndi anu omwe.

FUNSO: Ankolo, ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. iPad yanga ananditumizira ndi achemwali anga amene ali ku UK mu 2021, inali yogwirako kale ntchito koma mpaka pano ili bwinobwino, ndimalemberapo ma scheme komanso kusungamo mamakisi a ana. Mnzanga kuntchito ali ndi yofanana ndendende ndi yangayi, kukula kwake, batani lozungulira pansipa, chilichonse, koma yake yalandira iPadOS 26 pomwe yanga yangokakamira pa 18. Ndagula bandulo kawiri konse kuyesa. Kodi yanga ndi feki? Mphunzitsi, Chilomoni

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba lekani kugula bandulo chifukwa olo mutagula kakhumi 26 yo sibwera. Koma iPad yanu si feki ayi. Itembenuzeni, kumbuyoko chakumunsi pali tizilembo ting'onoting'ono tofuna kuyandikiza pawindo kuti muwerenge, mupezapo nambala yoyamba ndi A. Ndikukhulupirira kuti yanu yalembedwa A2197, A2198 kapena A2200, imeneyo ndi iPad 7th generation ya 2019. Ya mnzanuyo ikhala A2270 kapena A2428, A2429, A2430, imene ndi 8th generation ya 2020. Kunja ndi mapasa, zonse sikirini yake ndi mainchi 10.2, koma mkati yanu ili ndi chip ya A10 yomwe inayamba kutuluka mu iPhone 7 mu 2016, pomwe ya mnzanu ili ndi A12. Ndiye mukuona kuti yanuyo pomwe imatuluka mufakitale injini yake inali kale ndi zaka zitatu. Apple italengeza iPadOS 26 mu Juni 2025 nkuitulutsa mu Seputembala, pa ma iPad onse amene anali pa 18 inasiya imodzi yokha, ndipo ndi yanuyo basi.

Musadandaulenso kuti mwatsalira ndi manambala 8. Kulibe iPadOS 19 mpaka 25, anangolumpha kuchoka pa 18 kufika pa 26 kuti nambala izigwirizana ndi chaka cha 2026.

Chomwe mnzanu wapeza ndi ichi, ma app akutseguka m'mawindo amene amatha kuwakoka pakona nkuwakulitsa kapena kuwachepetsa ngati pa kompyuta, pali menu bar pamwamba, pabwera app ya Preview yowerengera ndi kulemba pa ma PDF, Files ayikonza, ndiye maonekedwe a galasi aja amene akuwatcha Liquid Glass. Sindikunamizani, mawindowo ndi abwino kwa munthu amene ali ndi kiyibodi ndipo amalemba kwambiri. Koma za Apple Intelligence, AI ya Apple ija, zomwe anthu akuzitchulatchula mnzanuyonso alibe, zimafuna chip ya M1 kupita mtsogolo kapena iPad mini ya A17 Pro, moti ngakhale iPad wamba yatsopano ya 2025 ya A16 ilibenso.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna tonse timvetsetsane chifukwa mafunso enawa akubwerera pomwepa. Update ili mitundu iwiri. Pali yobweretsa zatsopano, imeneyo ili ngati kusoketsa malaya atsopano. Ndiye pali ina yaing'ono ya chitetezo, imene ine ndimaitcha chigamba, akapeza pomwe pang'ambika poti akuba angalowere amasokapo. Malaya atsopano akusiyani, koma zigamba sanasiye kukupatsani tsiku lomwelo. Mu 2025 Apple inatulutsabe zigamba za iPadOS 15 ndi 16, ndipo iPadOS 15 ndi imene ili pa iPad Air 2 ya 2014, tabuleti ya zaka zoposa 10. Ndiye mukaona kanambala ngati 18.7 chakuti kakubwera, kalandireni msangamsanga, kameneko ndiye kofunika kwa inu. Ndipo mamakisi a anawo chonde muzisunganso kwina, kaya pa Google Drive kaya pa flash, chifukwa chimene chingakupwetekeni msanga ndi batire kapena kugwa pansi osati kusowa kwa 26.

FUNSO: Zikomo ankolo. Ndili ndi golosale, ndimagwiritsa ntchito Samsung Galaxy Tab A ya 2019 ija ya mainchi 10, muli buku la ngongole, WhatsApp ya ma order, app ya banki komanso SIM yanga ya Mpamba ili momwemo. Mwana wanga wamkulu akuti Android 11 ndi yakale andibera ndalama ndigule ina. Ndalama yogulira ina panopa palibe, katundu wakwera. Nditani? Mayi wa golosale, Bangwe

YANKHO: Mayi, mwana wanu sakunama koma wakuopsezani mopitirira. Tabuleti imeneyo inabwera ndi Android 9 ndipo Samsung inaifikitsa pa 11 nkuisiya pomwepo. Ku Android zinthu zimayenda mosiyana ndi ku Apple, Google imapanga Android koma siingaitumize yokha pa tabuleti yanu, mpaka kampani imene inapanga tabuletiyo iitenge, iikonze kuti igwirizane ndi chip ndi kamera ndi zina zonse, ndiye ntchito imeneyo ndi ndalama, pa matabuleti otchipa amaisiya msanga. Galaxy Tab A7 ya 2020 inathera pa Android 12, Tab A8 inathera pa 14.

Lowani ku Settings, About tablet, Software information, muone pomwe alemba Android security patch level, pali deti. Detilo ndi tsiku la chigamba chomaliza chimene munalandira. Pa yanuyo mupeza kuti papita zaka.

Chokomera inu ndi choti kuyambira pa Android 10 Google inagawa Android m'zidutswa, zina mwa zidutswazo zimakonzedwa kudzera ku Play Store osadikira Samsung, mupeza pamalo omwewo alemba Google Play system update, muzidina nthawi ndi nthawi. Chrome ndi WhatsApp nazonso zimalandirabe zatsopano. Kungoti muli chakumapeto kwa mzere, chifukwa kuyambira Ogasiti 2025 Chrome yatsopano imafuna Android 10 kupita mmwamba, a Android 8 ndi 9 anawasiya, ndiye inu a 11 muli ndi kanthawi koma osati kambiri.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Buku la ngongole ndi ma order zikhale pomwepo palibe vuto. Mpamba muzigwiritsa ntchito poimba *444#, a Airtel Money ndi *211#, njira imeneyi imadutsa pa netiweki ya kampani ndipo sidalira kuti Android yanu ndi yatsopano bwanji, olo kafoni ka mabatani kamatha. App ya banki ndiye ngati pakhomopo pali foni yatsopanoko imene ndi yanu, isamutsireni kumeneko. Ngati palibe, ndiye tabuletiyo ikhale ya ntchito basi, ana asamaikemo magemu, ndipo chachikulu musamatsegule fayilo iliyonse yothera ndi .apk (fayilo yoikira app) imene munthu wakutumizirani pa WhatsApp, kaya akuti ndi ya ngongole yachangu kaya mpira waulere kaya GB WhatsApp. Pa zomwe ine ndimaona kwa anthu obwera kudzadandaula, khomo lomwe akuba amalowera kawirikawiri ndi limenelo, komanso foni ija yoti "ndatumiza ndalama molakwika tabwezani" ndi kufunsa PIN. Zimenezo olo mutagula tabuleti ya Android 16 lero zikhoza kukupezanibe.

FUNSO: Ankolo boo? Ndine wa first year, ndikufuna tabuleti ya manotsi ndi ma PDF, ndalama ndi yochepa ndiye ndikuganiza za kaunjika ku Limbe kapena kwa anyamata obweretsa za ku Joni. Ndiyang'ane chani kuti asandipusitse? Wophunzira, Chitawira

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndalikonda chifukwa wafunsa usanagule, ambiri amabwera atalipira kale. Ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso. Tsiku lina ndili pa benchi ya okonza mafoni ku Limbe anafika bambo wina ndi iPad yoyera bwino yopanda ndi kamzere komwe, ataikulunga mu jumbo, akuti wagulira mwana wake wa Fomu 4 dzulo lake. Wokonza atayatsa inabwera Hello, kusankha chilankhulo, kulumikiza WiFi, kenako sikirini yolembedwa kuti iPad Locked to Owner ndi imelo ya munthu wina yobisidwa ndi timadontho. Bamboyo anangokhala pa benchi paja kuigwira m'manja osayankhula, wogulitsa foni yake sikupezekanso. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ndalama imeneyo anaisonkhanitsa movutika. Loko ameneyo amatchedwa Activation Lock, ndipo amatsegula ndi mwini akauntiyo kapena Apple ukakhala ndi risiti yeniyeni. Ku Android kulinso wake wotchedwa FRP amene amafunsa akaunti ya Google ya mwini wakale.

Ndiye usalipire usanachite izi pamaso pa wogulitsayo, ifufute yonse ndi factory reset, ilumikize ku hotspot ya foni yako, ulowetse akaunti yako mpaka ufike pa sikirini ya ma app. Akakana kapena akamati batire yatha ukayese kunyumba, zisiye, pita kwina.

Chachiwiri usamve za pakamwa zoti "iyi ndi latest", lowa wekha mu Settings uwerenge dzina la model. Pa ma iPad mzere wake uli chonchi, iPad 2, iPad 3 ndi mini yoyamba zinathera pa iOS 9, iPad 4 pa iOS 10, iPad Air yoyamba ndi mini 2 ndi mini 3 pa iOS 12, zonsezi usagule olo atchipitse bwanji chifukwa ma app ambiri akukana kulowa. Air 2 ndi mini 4 zili pa 15, iPad 5 pa 16, iPad 6 pa 17, iPad 7 pa 18, izi zikugwirabe ntchito koma mtengo wake uzisonyeza kuti ndi zosiyidwa. WhatsApp ya pa iPad inatuluka mu Meyi 2025 ndipo imafuna 15.1 kupita mmwamba, ndiye ukuona kuti Air 2 ili pa mzere penipeni. Kwa munthu amene ali ndi zaka zinayi kapena zisanu za sukulu kutsogolo ngati iwe, ine ndingati yambira pa iPad 9 ya 2021, imayambira pa 64GB pomwe 7 ndi 8 zambiri ndi za 32GB, ndipo 32GB ukaikamo ma PDF ndi mavidiyo a maphunziro imadzadza moti update imene imasowa pokhala.

Ku Android usatsike pansi pa RAM ya 4GB (RAM ndi memole yomwe ma app amagwiritsa ntchito akakhala otsegula), ndipo usamale ndi matabuleti opanda dzina lodziwika amene pa katoni alemba manambala akuluakulu a RAM ndi memole, ena amanama mpaka mu Settings momwe, ndipo update sadzalandira ngakhale imodzi. Makampani akuluakulu anayamba kusintha, Google inalonjeza zaka 7 za ma update pa foni ya Pixel 8 mu 2023, Samsung nayo zaka 7 pa foni ya Galaxy S24 mu 2024, ndipo ku European Union kuyambira pa 20 Juni 2025 lamulo likuti mafoni ndi matabuleti atsopano azilandira ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pomwe asiya kugulitsidwa. Zimenezi zidzatikomera ife kuno zaka zikubwerazi katundu ameneyo akadzayamba kufika pa kaunjika, koma lamulolo silibwerera m'mbuyo kukakhudza tabuleti ya 2019 imene ili pa tebulo ku Limbe lero.

FUNSO: Ndinagula Huawei MatePad, yabwino kwambiri koma mulibe Play Store. Ndikapanga update ibwera? Bambo, Machinjiri

YANKHO: Sibwera bambo. Mu Meyi 2019 boma la America linaletsa makampani ake kuphatikizapo Google kuchita malonda ndi Huawei, ndiye zida za Huawei zatsopano zotuluka pambuyo pake zimabwera zopanda Play Store, Gmail app ndi zina za Google, m'malo mwake muli AppGallery. YouTube ndi Gmail mutha kutsegula pa browser zimayenda bwinobwino. Pali anyamata amene amaikamo Google mozembera koma zimakonda kusokonekera, ndipo sindingakulangizeni kulowetsa pasiwedi ya imelo yanu mu app yomwe simukudziwa anaipanga ndani.

FUNSO: Ankolo, agogo anga aakazi ali ndi katabuleti ka mainchi 7 komwe tinawagulira kalekale, Android 4.4. Ankaimbirana pa WhatsApp ndi amalume a ku Johannesburg koma inasiya, ndayesa kuichotsa nkuikanso ikukana, masamba ena pa intaneti ikumati connection is not private. Agogo amakakonda chifukwa zilembo zake ndi zazikulu. Pali chomwe ndingachite? Mdzukulu, Zingwangwa

YANKHO: Pa WhatsApp palibe chomwe mungachite asisi, kuyambira Okutobala 2023 inasiya kugwira pa Android 4, ndipo Google nayo inasiya kuthandiza 4.4 pa Play services chaka chomwecho. Uthenga wa not private uja nthawi zina umabwera chifukwa deti ndi nthawi zasokonekera, onani kaye zimenezo, koma pa Android yakale chonchi vuto lenileni ndi loti tsamba lililonse lotetezedwa limaonetsa chiphaso chake ndipo tabuleti imakhala ndi mndandanda wa opereka ziphaso amene imawadziwa. Mndandanda wa m'katabuleti ka agogo ndi wakale, ziphaso zatsopano sikuzizindikira. Mu 2024 vutoli linakula pa ma Android onse a 7.0 kutsika pansi chifukwa cha kusintha kwa Let's Encrypt, amene ziphaso zawo zili pa masamba ambirimbiri.

Koma musakataye, ndipo musawalande agogo chinthu chomwe manja awo anazolowera. Chotsanimo akaunti ya Google ndi SIM, zimitsani WiFi, gulani memory card muikemo nyimbo za kwaya, maulaliki, Baibulo la mawu, zithunzi za zidzukulu ndi mavidiyo a ukwati. Zonsezi sizifuna update, sizifuna bandulo, ndipo kopanda intaneti wakuba alibe polowera. Amalume akatumiza voice note kapena kavidiyo pa foni yanu muziwasamutsira pa Bluetooth. Zoimbirana ndiye pafunika foni ina, olo ya Android Go yotchipa ikwanira, mungokulitsa zilembo ku Settings.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni muchite lero. Kagonekeni pa tebulo losalala muone ngati kakugwedera, ndipo muyang'ane m'mbali ngati sikirini yayamba kutukuka kusiyana ndi thupi lake. Zikakhala choncho batire yatupa, musakatchajenso ndipo kasagone pafupi ndi bedi la agogo, pitani nako kwa okonza akachotse batireyo osaiboola.

FUNSO: Mnyamata wina wokonza mafoni akuti akhoza kufulasha tabuleti yanga ya Android 9 ikhale Android 14. Ndi zoona? Wowerenga, Ndirande

YANKHO: Nthawi zina ndi zoona achimwene. Pali anthu odzipereka amene amapanga Android yawo monga LineageOS ya zida zomwe makampani anazisiya, ndipo ikakhalapo ya model yanu yeniyeniyo tabuleti imatsitsimuka ndithu. Koma ziyenera kugwirizana mpaka nambala ya model, ya WiFi yokha ndi ya SIM ndi zosiyana, akalakwitsa tabuleti imatha osayakanso. Zonse za mkati zimafufutika, kamera kapena SIM nthawi zina imasiya kugwira bwino, ndipo ma app ena makamaka a banki amakana kutseguka akazindikira kuti bootloader, loko woletsa kuikamo Android ina, yatsegulidwa. Mufunseni akuonetseni model yanu pa tsamba la LineageOS musanamupatse. Akapanda kukuonetsani ndiye kuti mwina akungofuna kuika launcher yosintha maonekedwe pomwe pansi pake ikadali 9 yomweyo. Pa iPad ndiye palibiretu njira imeneyi.

FUNSO: Yanga ndi iPad 8 ya 32GB, 26 yabwera koma ndikuopa, anzanga akuti imachedwetsa. Ndidine kapena ndisiye? Namwino, Chirimba

YANKHO: Asisi, mantha anuwo ali ndi chifukwa. iPad 8 ndi imodzi mwa zofooka kwambiri pa mndandanda wa zolandira 26, RAM yake ndi 3GB, ndiye mukatsegula mawindo ambiri muimva kulemera. Komanso mukakwera simungabwerere pa 18 chifukwa Apple imatseka njira yobwerera pakangopita masiku ochepa. Ngakhale zili choncho ine ndikuti kwerani, chifukwa tabuleti imene ili yoyenera kulandira yatsopano zigamba zake zimadzasamukira ku yatsopanoko, mukakakamira kumbuyo mudzapezeka mulibe zonse ziwiri. Mawindowo sokakamiza, ku Settings pa Multitasking & Gestures mutha kusankha Full Screen Apps izigwira ngati kale, ndipo galasi lija mutha kulichepetsa ku Accessibility potsegula Reduce Transparency ndi Reduce Motion, zilembo zimawerengekanso bwino.

Pokwerapo konzekerani. Sungani zithunzi ndi mafayilo kwina kaye, tsimikizani kuti pasiwedi ya Apple Account mukuikumbukira chifukwa ikhoza kufunsa ikamaliza, chotsani mavidiyo kuti papezeke malo poti fayilo yake ndi ya ma GB angapo, ndipo pezani WiFi yokhazikika kapena bandulo ya usiku osati kabandulo ka tsiku kothera panjira. Batire ikhale yodzadza musanayambe, musadalire kuti ili pa chaja chifukwa magetsi akhoza kuzima ili pakati. Ngati malo akukanabe pa 32GB yanuyo, ilumikizeni ndi chingwe ku laputopu muchite update kudzera pa iTunes kapena Apple Devices, fayiloyo imatsikira mu laputopu osati mu iPad. Tsiku loyamba ndi lachiwiri izitentha pang'ono ndi kudya batire chifukwa imakhala ikusanja zinthu mkati, ipatseni masiku atatu musanaiweruze, ndipo muchite zimenezi tsiku lomwe muli off osati usiku woti mawa mukuifuna ku wodi.